Phokoso la Kukwecha ku Magudumu a Galimoto: Mmene Gwero Lake Limapezekera mu Mzinda wa Doha

Gudumu la galimoto linapangidwa kuti lizizungulira popanda kukhudza chilichonse kupatula msewu, ndipo malo okhawo pamene zitsulo zake zimaloledwa kukhulana mwadala ndi pa mabuleki, panthawi imene woyendetsa waponda. Choncho phokoso la kukwecha likamamveka kumagudumu galimoto ili pa ulendo, ndiye kuti pali zinthu ziwiri zimene zayamba kukumana pomwe siziyenera kukumana, ndipo ntchito yonse ya wofufuza ndi kupeza kuti zinthuzo ndi ziti. Chimene chimavuta n'chakuti kamwala kochepa ngati njere ya chimanga, kamene kangachotsedwe popanda kulipira kanthu, kamatha kulira mofanana ndi mabuleki amene atheratu kapena gudumu limene latsala pang'ono kuguluka. Mu mzinda wa Doha, likulu la dziko la Qatar, kumene anthu ambiri ochokera m'maiko a mu Africa ndi a ku Asia amapeza chakudya mwa kuyendetsa matakisi, mabasi ndi galimoto za mabwana awo, luso losiyanitsa mitundu ya phokosoli limapulumutsa ndalama ndiponso miyoyo.

Zimene nyengo ya ku Doha imachita kunsi kwa galimoto

Dziko la Qatar ndi ndomo ya mtunda imene inalowa m'nyanja ya Persian Gulf, ndipo pafupifupi lonse ndi chipululu chimene chimalandira mvula yosakwana mamilimita 100 pa chaka. Kuyambira mu June mpaka mu August kutentha kwa masana kumapitirira madigiri 40 kawirikawiri, moti mu July 2010 kunafika madigiri 50.4 mu Doha, ndipo phula la pamsewu limatentha kuposa pamenepo. Kutentha kotereku kumaumitsa ndi kung'alula timatumba ta mphira timene timavundikira ziwalo zoyenda za pagudumu, kumasungunula girizi wopakidwa m'ziwalozo, komanso kumachititsa kuti timapini ta pulasitiki togwira zotchingira za kunsi kwa galimoto tizithyoka mosavuta.

Pamwamba pa kutenthako pali mchenga. Mphepo yochokera kumpoto chakumadzulo, imene eni dziko amaitcha shamal, imabweretsa fumbi losalala ngati ufa limene limalowa paliponse pamene mphira wang'ambika, ndipo likasakanikirana ndi girizi limasanduka phala lonolera limene limadya chitsulo pang'onopang'ono. Ntchito zomanga misewu ndi nyumba, zimene zinachuluka kwambiri pokonzekera mpikisano wa mpira wa padziko lonse wa mu 2022, zimasiyanso timiyala m'mphepete mwa misewu. Chachitatu ndi chinyezi cha m'nyanja, chimene chimakula mu August ndi September ndipo chimabwera ndi mchere. Popeza anthu ambiri amapita kutchuthi kwawo m'miyezi yotenthayi, galimoto zawo zimakhala milungu ingapo osayenda, ndipo pobwera amapeza dzimbiri litagwira zitsulo za mabuleki. Ngakhale mvula ndi yosowa, ikagwa imatha kudzaza misewu, monga zinachitikira mu October 2018 pamene madera ena a Doha analandira mvula ya pafupifupi chaka chonse pa tsiku limodzi, ndipo madzi otero amalowetsa matope ndi mchenga m'ziwalo za pagudumu.

Palinso chizolowezi chimodzi chimene chimachedwetsa kuzindikira vuto. Chifukwa cha kutentha, oyendetsa galimoto mu Doha amayenda mawindo ali otseka ndipo makina oziziritsira mpweya akulira, moti phokoso limene munthu woyenda mawindo otsegula pa msewu wa Lilongwe akanalimva tsiku loyamba, ku Doha limamveka litakula kale.

Mafunso asanu oyenera kuyankhidwa sipanala isanagwiridwe

Akuluakulu anati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Zinthu zimene zingakweche pagudumu n'zambiri, koma chimene chalakwa nthawi zambiri chimakhala chimodzi, ndipo chimadziwika ndi mmene phokoso limasinthira woyendetsa akasintha kayendetsedwe. Kuyesa kumeneku kumafuna msewu wopanda galimoto zambiri, monga mmene misewu ya mu Doha imakhalira Lachisanu m'mawa, mawindo otsegula, wailesi ndi makina oziziritsira zili zozimitsa. Kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mpanda wautali wa njerwa kumathandiza, chifukwa khoma limabweza phokoso, ndipo munthu akadutsa khomalo lili kumanja kwake kenako lili kumanzere, amadziwa mbali imene phokoso likuchokera.

Funso loyamba ndi lakuti phokosolo likutsata liwiro la galimoto kapena la injini. Ngati limamveka galimoto itaima pamene injini yapatsidwa moto, magudumu alibe mlandu, ndipo kufufuza kuyenera kupita ku malamba ndi ziwalo zina za injini. Ngati limayamba galimoto ikangosuntha ndipo limafulumira pamene liwiro likukwera, m'pofunika kumvetsera ngati likumveka mosadukiza kapena modukizadukiza, khwe khwe khwe, ngati munthu akupala moto. Tayala la galimoto yaing'ono, lolembedwa 195/65 R15, limayenda pafupifupi mamita awiri likazungulira kamodzi, choncho pa liwiro la makilomita 18 pa ola limazungulira kasanu pa masekondi awiri aliwonse. Phokoso limene likugunda mogwirizana ndi kawerengedwe kameneka likusonyeza kuti pa chinthu chozungulira pali malo amodzi otumphuka kapena opindika amene akukhudza chinzake kamodzi pa kuzungulira kulikonse, pamene phokoso losadukiza likusonyeza chinthu chimene chatsamira pa chinzake nthawi zonse.

Funso lachiwiri ndi la zimene zimachitika buleki ikapondedwa pang'ono. Phokoso likasiya, likakula kapena likasintha mawu panthawiyo, gwero lake lili m'mabuleki kapena pafupi nawo. Lachitatu ndi la chiwongolero: phokoso limene limabwera pokhapokha chiwongolero chikapotozedwa mpaka kumapeto, monga poimika galimoto, limaloza ku tayala limene likukhula thupi la galimoto, pamene limene limakula kapena kuchepa pokhota galimoto ikuthamanga limaloza ku beringi. Lachinayi ndi la katundu ndi mabampu, chifukwa phokoso lobwera podutsa pa hampu kapena galimoto ikadzaza anthu limasonyeza kuti mpata wa pakati pa tayala ndi thupi la galimoto wachepa.

Funso lachisanu, limene ambiri amaliiwala, ndi la mbiri ya galimotoyo m'masiku apitawa. Phokoso limene layamba galimoto itangochoka kosinthitsa matayala, itagunda m'mphepete mwa msewu, itabwera kuchokera kumchenga, itatsukidwa kapena itakhala mwezi wathunthu osayenda, kawirikawiri limakhala mwana wa chochitikacho.

Pamene mlandu uli wa mabuleki

Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi mabuleki a disiki kutsogolo, ndipo zina kumbuyo komwe. Disiki ndi chitsulo chozungulira chophwatalala ngati mbale, chimene chimazungulira limodzi ndi gudumu. Mbali zake zonse ziwiri kuli tizidutswa tokhulira timene amakanika amatitcha ma brake pad, kapena mapadi mwachidule, ndipo timagwidwa ndi chopanira chotchedwa caliper, chimene chimatikanikizira pa disiki mafuta a mabuleki akakankha pisitoni ya mkati mwake.

Padi yatsopano imakhala ndi mnofu wokhulira wochindikala pafupifupi mamilimita 10 mpaka 12, ndipo amakanika ambiri amalangiza kuisintha ukatsala mamilimita atatu. Pa mapadi ambiri opanga anaikapo dala kachitsulo kopyapyala kamene kamayamba kukhudza disiki mnofu ukatsala pang'ono kutha, n'kumalira mokweza, tswii, galimoto ikuyenda, ndipo nthawi zina kulirako kumasiya buleki ikapondedwa. Limeneli ndi chenjezo lopatsa munthu masiku oti akonzekere. Chenjezolo likanyalanyazidwa mnofu umatheratu, chitsulo cha kumsana kwa padi chimayamba kupala disiki, ndipo phokoso limasanduka lokhuthala ngati la mphero, lomveka kwambiri poponda buleki. Pofika apa disiki imakhala ndi mizere yakuya imene chala chimaimva, ndipo galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime. Disiki nayo ili ndi malire ake, amene opanga amawadinda pa chitsulo chomwecho, ndipo ikaperepeseka imasiya mlomo wotumphuka m'mphepete umene ungakhule padi kapena chitsulo choigwira.

Kuseri kwa disiki kuli chitsulo china chopyapyala ngati lata, chimene ntchito yake ndi kutchinga fumbi ndi madzi, ndipo amakanika amachitcha backing plate. Mpata wa pakati pa chitsulochi ndi disiki ndi wa mamilimita ochepa chabe, moti kamwala kakalowamo kamakanirira n'kumalira mochititsa mantha ngati galimoto ikuphwasuka, chonsecho mabuleki akugwira bwinobwino. Phokoso lake limayamba mwadzidzidzi, makamaka munthu akangodutsa pamalo omanga kapena pa msewu wa miyala, silisintha kwenikweni poponda buleki, ndipo nthawi zina limatha galimoto ikabwezedwa m'mbuyo mamita angapo. Chitsulochi chimapindikanso mosavuta, ngakhale ndi dzanja la munthu wosintha tayala, ndipo chikatsamira pa disiki chimasiya kamzere konyezimira pamalo pamene chikukhula. Kuchiwongola ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Vuto loopsa kwambiri m'gulu limeneli ndi caliper yokakamira. Chopanirachi chimatsetsereka pa mapini awiri opakidwa girizi ndi ovundikiridwa ndi mphira, ndipo mphirayo akang'ambika ndi kutentha, mchenga ndi chinyezi zimalowa, mapini amachita dzimbiri, ndipo padi imalephera kubwerera buleki ikasiyidwa. Zizindikiro zake ndi kukwecha kosadukiza, galimoto kukokera mbali imodzi, fungo la chinthu chopserera, limu imodzi kuda ndi fumbi la mabuleki kuposa zinzake, ndi gudumu limodzi kutentha kwambiri pambuyo pa ulendo waufupi. Kutenthako kumafika mpaka ku mafuta a mabuleki. Mafuta a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakalamba malire amenewa amatsikira ku madigiri 155 kapena cha pomwepo. Mafuta akawira amachita thovu, buleki imalowa pansi ngati munthu waponda siponji, ndipo galimoto siima. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amalangiza kusintha mafutawa zaka ziwiri zilizonse, ndipo malangizowa ali ndi mphamvu kwambiri m'dziko la chinyezi ndi kutentha ngati Qatar.

Dzimbiri la pa disiki ya galimoto imene yakhalitsa osayenda, kapena yangotsukidwa kumene, limabweretsa kukwecha kopepuka kumene kumatha buleki ikapondedwa kangapo, ndipo sikofunika kuda nako nkhawa pokhapokha kukapitirira makilomita angapo. Galimoto zikuluzikulu zimene zili mbwee m'misewu ya Doha, monga mitundu yambiri ya Toyota Land Cruiser, zilinso ndi handibuleki yokhala mkati mwa disiki yakumbuyo, m'kachipinda kooneka ngati mphika. Mchenga ukalowa m'menemo sutuluka msanga, ndipo umakwecha modukizadukiza pa liwiro lochepa mpaka disiki itachotsedwa ndi kupukutidwa.

Pamene mlandu uli wa beringi

Beringi ya gudumu ndi mphete ziwiri zachitsulo, ina mkati mwa inzake, zokhala ndi timipira kapena timigolo tachitsulo pakati pake, ndipo ndi imene imasenza kulemera kwa galimoto kwinaku ikulola gudumu kuzungulira mosavuta. Imawonongeka madzi kapena mchenga zikadutsa pa chotsekera chake, girizi akauma, kapena gudumu likagunda mwamphamvu m'mphepete mwa msewu. Poyamba imang'ung'uza chapansipansi, wuu, pa liwiro la makilomita 50 kapena 60 pa ola, kenako imalindima ngati ndege ili patali, ndipo ikafika pomaliza imakwecha ndi kugwedeza gudumu. Pa misewu ikuluikulu ngati Salwa Road, wopita kumalire a Saudi Arabia ku Abu Samra, kapena Al Shamal Road, wopita kumpoto, pamene malamulo amalola liwiro lofika makilomita 120 pa ola m'zigawo zina, beringi yotere imatentha msanga ndipo ingathe kugwira kapena kusweka.

Njira yoizindikirira yagona pa mmene kulemera kwa galimoto kumasunthira pokhota. Galimoto ikakhotera kumanzere kulemera kumatsamira pa magudumu akumanja, ndipo ikakhotera kumanja kumatsamira pa akumanzere, choncho phokoso limene limakula pokhotera kumanzere limaloza ku beringi yakumanja. Ku Qatar galimoto zimayenda kumanja kwa msewu, moti pa raundabauti zimazungulira mokhotera kumanzere n'kulemetsa magudumu akumanja, zosiyana ndi ku Malawi ndi ku Zambia kumene raundabauti imalemetsa akumanzere. Dalaivala amene anaphunzira ntchito kwawo ayenera kukumbukira kusiyana kumeneku pomasulira zimene wamva. Komabe lamuloli limanamiza nthawi zina, chifukwa beringi zambiri zili ndi mizere iwiri ya timipira ndipo mzere uliwonse umalemedwa mosiyana, choncho chigamulo chomaliza chimaperekedwa gudumu litanyamulidwa.

Matayala odyeka mokhotakhota amalira mofanana kwambiri ndi beringi, ndipo anthu ambiri agulapo beringi yatsopano phokoso n'kukhalapobe. Kusiyana kwake n'kwakuti phokoso la tayala limasintha galimoto ikachoka pa phula lokhakhala n'kufika pa losalala, pamene la beringi limakhala chimodzimodzi. Dzanja likayendetsedwa pamwamba pa tayala lotere limamva mano ngati a sowo kapena timaenje totsatizana, zimene zimabwera chifukwa cha magudumu osalunjika bwino kapena mashoko otha. Matayala akutsogolo akasinthanitsidwa ndi akumbuyo, phokoso la tayala limasamuka nalo, koma la beringi limatsala pomwe linali. Phokoso lina loyandikana nalo ndi la CV joint, chimene ndi cholumikizira chopindika cha pa chitsulo chotengera mphamvu ya injini kupita kugudumu. Chimenechi chimalira kha kha kha pokhota kwambiri galimoto ikunyamuka, ndipo umboni wake ndi thumba la mphira long'ambika ndi girizi wakuda womwazikira mkati mwa limu.

Pamene tayala likukhula thupi la galimoto

Pamwamba pa tayala lililonse, mkati mwa madigadi, muli chotchingira cha pulasitiki chogwidwa ndi timapini. Timapini tikathyoka, chotchingiracho chimalendewera n'kumakhudza tayala, makamaka pa liwiro lalikulu pamene mphepo imachikankhira kumbuyo. Phokoso lake ndi lofewa, lopanda kulira kwa chitsulo, ndipo umboni wake ndi malo osalala onyezimira pa pulasitiki, nthawi zina obooka. Chotchingira cha kunsi kwa injini, chikopa chotchinga matope kapena jumbo imene yakodwa kunsi zimachitanso chimodzimodzi, ngakhale phokoso lake silitsata kuzungulira kwa gudumu.

Ku Qatar vutoli lili ndi gwero linanso, lomwe ndi chikondi cha anthu pa maulendo a m'chipululu. M'nyengo yozizira, galimoto zambirimbiri zimalowera kummwera, ku Sealine pafupi ndi Mesaieed mpaka ku Khor Al Adaid kumene nyanja inalowa pakati pa mapiri a mchenga, ndipo eni ake ambiri amaziveka matayala aakulu kuposa amene zinabwera nawo. Masamu ake ndi osavuta. Tayala lolembedwa 265/65 R17 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 776 kuchokera pansi kufika pamwamba, pamene la 285/70 R17 limafika pafupifupi 831, ndipo ndi lotambalala kuposa linzake ndi mamilimita 20. Ndiye kuti mpata wa pakati pa tayala ndi thupi la galimoto wachepa ndi mamilimita oposa 27 kuzungulira konse, zimene n'zokwanira kuti tayala lizikhula chiwongolero chikafika kumapeto kapena galimoto ikatsika pa hampu. Walira mvula walira matope: wofuna matayala aakulu ayenera kuvomerezanso ntchito yokonza mpata wake. Masipuling'i ofooka, katundu wopitirira muyeso ndi malimu otulukira kunja kapena olowera mkati kuposa oyenera zimabweretsa zotsatira zomwezo.

Oyenda pamchenga amaphwetsa matayala mpaka pafupifupi theka la mpweya wake kuti asatitimire, ndipo woiwala kupopanso pobwerera pa phula amatenthetsa tayala mpaka zigawo zake zamkati zimayamba kulekana. Tayala lotere limatupa malo amodzi, limagunda kapena kukhula kamodzi pa kuzungulira kulikonse, ndipo lingaphulike nthawi iliyonse. Msinkhu wa tayala umawerengedwa pa manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT m'mbali mwake: awiri oyamba ndi sabata ndipo awiri otsatira ndi chaka, moti 2321 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2021. M'dziko lotentha chonchi mphira amatha kuuma ndi kung'aluka mapanga a tayala asanathe.

Kuyang'ana galimoto itaima

Zimene makutu apeza ziyenera kutsimikizidwa ndi maso ndi manja, ndipo chinthu choyamba kuona ndi manati a gudumu, chifukwa gudumu lomasuka limakwecha ndi kugogoda lisanaguluke, ndipo kumanga manati sikudya nthawi. Kenako, galimoto itayenda makilomita angapo popanda kuponda buleki kwambiri, dzanja liyandikizidwe pa limu iliyonse popanda kukhudza disiki, imene ingawotche khungu nthawi yomweyo. Gudumu limene likutulutsa kutentha kuposa linzake la mbali inayo lili ndi caliper yokakamira kapena beringi yotha. Tochi ya pafoni imathandiza kuona kuchindikala kwa mapadi kudzera m'mipata ya limu, mizere ya pa disiki, ndi zipsera za m'mbali mwa tayala, chiwongolero chitapotozedwa mbali ina kenako inayo.

Kunyamula galimoto kumafuna malo athyathyathya a simenti, chifukwa jeke imatitimira mumchenga ngakhale pa phula lofewa ndi dzuwa. Magudumu otsala pansi amaikidwa zotsekera, ndipo munthu salowetsa mutu kapena mkono kunsi kwa galimoto imene yangokhala pa jeke yokha popanda zochirikiza zachitsulo. Gudumu likakhala m'malere limazunguliridwa ndi dzanja, ndipo kukwecha kopepuka kwa mapadi n'kwachibadwa, koma gudumu lolimba kuzungulira kapena logwira pamalo amodzi lili ndi vuto la buleki. Likagwidwa pamwamba ndi pansi n'kugwedezedwa, siliyenera kusewera, ndipo likamasewera, beringi kapena cholumikizira cha m'munsi chatha. Dzanja lina likagwira sipuling'i pamene gudumu likuzungulira, beringi yowonongeka imamveka kunjenjemera m'zala ngakhale makutu asakumva kanthu. M'miyezi yotentha ntchito imeneyi ndi ya m'mamawa kapena madzulo, ndipo boma la Qatar lenilenilo limaletsa kugwiritsa anthu ntchito padzuwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3:30 masana, kuyambira pa 1 June mpaka pa 15 September.

Kukafika kwa amakanika

Magalaja ambiri a mu Doha ali ku Industrial Area, kumene anthu amangoti Sanaiya, dera lalikulu la kummwera chakumadzulo kwa mzindawu limene misewu yake imadziwika ndi manambala. Amakanika ake ndi ochokera m'maiko osiyanasiyana ndipo amalankhula Chiarabu, Chihindi, Chiurdu, Chingerezi ndi zinenero zina, choncho mawu ngati khwe khwe kapena wuu, amene Mchewa aliyense amawamva msanga, kumeneko sangathandize. Chothandiza ndi kujambula phokosolo pafoni mothandizidwa ndi munthu wina wokwera nawo, kufotokoza liwiro limene limayambira ndi zimene limachita pokhota ndi poponda buleki, ndiponso kupempha makanika kuti akwere nawo galimotoyo asanamasule chilichonse. Safunsa anadya phula, choncho mwini galimoto ali ndi ufulu wopempha kuona chiwalo chimene akuti chatha chisanachotsedwe, kumva mtengo ntchito isanayambe, ndi kulandira chakale ntchito ikatha. Mapadi ndi madisiki amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi kuti galimoto isamakokere kumodzi poima, pamene beringi ingasinthidwe imodzi yokha imene yatha. Dalaivala wa galimoto ya kampani kapena ya bwana amachita bwino kunena za phokoso tsiku lomwelo, mwa uthenga wolembedwa umene ungasungidwe, kuti mlandu usadzagwere iye zinthu zikadzaipa.

Chiphaso cha galimoto ku Qatar, chimene chimatchedwa istimara, kawirikawiri chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo galimoto imene yapitirira zaka zitatu imayenera kuyamba yapimidwa ku Fahes, nthambi yoyeza galimoto ya kampani ya mafuta ya WOQOD, kumene amaona mabuleki, matayala, magetsi ndi utsi. Kupimako kumafanana ndi kwa COF ya ku Malawi, ndipo kumangonena za mmene galimoto inalili pa tsikulo. Padi imene inakhoza mayeso ili ndi mamilimita anayi ingathe kutheratu miyezi ingapo chiphaso china chisanafike.

Njira yofufuzirayi siisintha ndi dziko. Pamene Doha ili ndi mchenga ndi mchere, Malawi ili ndi matope a m'dzinja, fumbi la m'chilimwe ndi maenje a pamsewu, ndipo makanika wa ku Biwi mu Lilongwe kapena wa ku Ndirande mu Blantyre amafunsa mafunso omwewo amene mnzake wa ku Sanaiya amafunsa. Kukwecha kwa dzimbiri kumene kwatha patangopita kanthawi, kamwala kamene katuluka, kapena pulasitiki imene yamangidwanso, sizilepheretsa ulendo. Koma phokoso limene labwera limodzi ndi buleki yolowa pansi, fungo lopserera, gudumu lotentha kapena logwedera, chiwongolero chonjenjemera kapena tayala lotupa, limafuna kuti galimoto iime pamalo otetezeka nthawi yomweyo, ndipo ichoke pamenepo itanyamulidwa ndi galimoto yokoka zinzake, chifukwa mtengo wa kukoka ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa gudumu loguluka pa liwiro la makilomita 120 pa ola.